Polishi kapena sandipepa pa mpira wa bowling? Ine zinandiluma kale

Amwene amene timakumana ku bowling Lachisanu kuno ku Joni mwandifunsa kokwana kuti bwanji mpira wanga ndi wotuwa chonchi pomwe ya anzathu ikuwala, ndiye ndati ndingolemba kamodzi ndipume.

Chaka chatha ndinagula mpira wanga woyamba wa reactive, mtundu wa khungu logwira leni (msewu woponyapo mpira uja) kuti uzikhota, wolemera mapaundi 14, nditatopa nayo mipira ya pulasitiki ya pa shelefu ija yongopita molunjika osakhota. Ndinausiya pa shopu ina cha ku Randburg kuti aboole mabowo a zala. Pokautenga ndinapeza ukunyezimira ngati nsapato za asilikali pa 6 July, pa risiti aikaponso ndalama ya polishi yomwe ine sindinapemphe, mkuluyo akuti ukawala chonchi umakhota heve. Ndinalipira poti ndimachita manyazi kukangana pagulu.

Koma abale, masabata atatu otsatirawo ndinaona zakuda. Leni ija ndi ya mafiti 60 kuchoka pa mzere kufika pa pini yoyamba, ndipo mafuta amathira pafupifupi mafiti 40 oyambirira, kotsalako nkouma. Polishi imasalaza khungu la mpira ndiye pamafuta paja umangotsetsereka osagwira, mphamvu yonse umasunga mpaka ukafike pouma ndi pomwe umakhota mwadzidzidzi. Kwa munthu woponya pang'onopang'ono kapena wozunguza mpira kwambiri zimenezo ndi zabwino. Ine ndimaponya ngati ndikugenda mango, dzanja langanso silizunguza kwenikweni, ndiye usiku wa ligi mafuta atangothiridwa kumene mpira unkapitirira malo okhotera, kukafika mochedwa osaigunda nkomwe pini 1, ndikati ndiuponyere kunja pang'ono ugwire pouma msanga unkakhota mopyola nkundisiyira split, mapini otsala motalikirana ovuta kugwetsa pamodzi. Zonse ziwiri mu gemu imodzi! Nditabwerera ku shopu kuja kuti achotse polishiyo anati nayonso ndi ntchito, ndilipirenso. Mpaka lero sindinapondekonso.

Sandipepa ndiye inandipulumutsa. Ndimanena timapadi ta sandipepa totchedwa Abralon, pali 500, 1000, 2000, 4000, nambala ikachepa ndiye kuti ndi yokhakhala kwambiri. Ndimanyowetsa ya 2000 nkupukuta mpira wonse ndi manja, mbali zonse mofanana. Khungu likakhakhala limaluma leni ngakhale pamafuta ngati tayala la mano pamatope a ku Thyolo nthawi ya dzinja, mpira umayamba kukhota msanga koma mofatsa, umachita kuuona komwe ukupita. Sukoma kuonera ngati wa polishi uja ayi, koma ndikaphonya pang'ono umandikhululukira.

Zovuta zake zilipo. Umamwa mafuta msanga ndiye thaulo lisamachoke m'manja, komanso pakapita magemu angapo leni imauwalitsa yokha, uyambirenso kuukhula ndi sandipepa. Ndipo musatengeke ndi 500 poganiza kuti kukhakhala kwambiri ndiye dilu, pa leni youma mpira umathera mphamvu panjira nkukafika pa mapini uli wofooka ngati wagona ndi njala.

Pa maonekedwe polishi yawina, palibe zokambirana.

Penanso pomwe ndimaivomera monyinyirika ndi Loweruka usiku, ana a ma birthday party atasewera tsiku lonse leni yauma gwa, pamenepo mpira wowala umadutsa bwinobwino kutsogolo kuja pomwe wanga wotuwa wayamba kale kukhota usanafike pakati. Achimwene ena a ku Rosettenville amene amaponya mofatsa amandichapa masiku ngati amenewo, ndipo sasiya kundikumbutsa mu taxi njira yonse.

Mukafuna kusintha khungu la mpira chitani musanayambe, malamulo a USBC, bungwe loyendetsa bowling ku America, salola kukhula kapena kupolisha mpikisano ukayamba. Ine ndili ku 2000 basi, ndipo mukakasiya mpira woboola ku shopu iliyonse nenanitu pakhomo pomwe kuti asaupake kanthu musanauponye ngakhale kamodzi.