Ndemanga ya GPS logger: kamagwira ntchito, bola wotchi ya kamera ikhale yolondola

Anzanga ojambula zithunzi kuno ku Joni akhala akundifunsa za kachipangizo kamene kamalendewera pa lamba wa chikwama changa cha kamera. Ena amayesa power bank. Ndi GPS logger, ndipo ndayenda nako mokwanira, m'maukwati, m'zinkhoswe, m'timapiri ta kuno, mpaka pa basi yopita kumudzi, moti tsopano ndingathe kunenapo zanga. Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ngati mumajambula ndi kamera yopanda GPS, kaguleni. Ngati mumajambula ndi foni yokha, ndalama zanuzo gwiritsani ntchito zina, chifukwa foni imalemba kale malo m'chithunzi ikaloledwa kutero.

Kukula kwake n'ngati bokosi la machesi. Kalibe sikirini, kali ndi batani limodzi, kasiwichi kam'mbali ndi timagetsi titatu. Ntchito yake ndi kumvera masetilaiti n'kumalemba pomwe muli ndi nthawi yake, basi. Sikafuna simu khadi, sikadya bandulo, sikatumiza uthenga kwa munthu. Ndikunena izi chifukwa achimwene ena amene amanyamula katundu wa anthu kupita ku Malawi anafuna kukagula poganiza kuti aziona pa foni pomwe galimoto yawo yafika. Imeneyo ndi tracker, chinthu china. Logger kamasunga zonse mpaka mutakalumikiza ku kompyuta.

Ndiye malowo amalowa bwanji m'chithunzi, poti palibe waya pakati pa kamera ndi kachipangizoka? Kamera iliyonse imalemba tsiku ndi nthawi m'kachigawo kobisika ka chithunzi kotchedwa EXIF. Mukabwera kunyumba mumakopera njira ya tsikulo ngati fayilo ya GPX, kenako pulogalamu imatenga nthawi ya chithunzi chilichonse, n'kuyang'ana pomwe munali nthawi imeneyo, n'kulemba malowo m'chithunzimo. Zinthu ziwirizi zimakumana pa wotchi pokha.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ogulitsa sanenapo kanthu. Nthawi ya logger imachokera ku masetilaiti, sinama. Wotchi ya kamera ndiyo imathamanga kapena kutsalira pang'onopang'ono inu osadziwa. Poyenda pansi, kusiyana kwa mphindi imodzi kumasuntha chithunzi mamita pafupifupi 80, ndipo mwina simungadandaule. Koma mu basi yothamanga makilomita 100 pa ola, mphindi imodzi yomweyo ndi mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, moti chithunzi cha pa mlatho chimakaikidwa m'munda wa chimanga. Chachiwiri, logger kamalemba nthawi ya UTC, imene mayiko onse amawerengerapo nthawi yawo, pamene South Africa ili patsogolo ndi maola awiri. Mukapanda kuuza pulogalamu za maola awiriwo, zithunzi za m'tchalitchi zidzaoneka ngati munazijambulira ku holo ya madyerero. Chimene ndimachita ine n'chosavuta. M'mawa ndisanatuluke ndimatsegula wotchi ya pa foni yoonetsa masekondi, n'kuijambula ndi kamera. Chithunzi chimenecho chimandiuza kuti kamera yasiyana ndi nthawi yeniyeni ndi masekondi angati, ndipo nambala imeneyo ndimailowetsa m'pulogalamu. Amene mumayenda ndi makamera awiri pa ukwati, jambulani wotchiyo ndi onse awiri.

Pamtetete kamandisangalatsa kwambiri. Ku Klipriviersberg, kummwera kwa mzinda, njira yomwe kanalemba inagona ndendende pa kanjira kapansi kamene kamaoneka pa Google Earth, mpaka pomwe ndinapatuka kulambalala mwala panaoneka kakhota. Kusemphana kwake sikunkapitirira mamita asanu. Ku Melville Koppies chimodzimodzi. Ku Walter Sisulu Botanical Garden ku Roodepoort kanayenda bwino pa kapinga ponse, koma nditayandikira mathithi a Witpoortjie, pansi pa thanthwe limene ziwombankhanga zakuda zimamangapo zisa, mzere wa njirayo pa mapu unayamba kunjenjemera. Chifukwa chake n'chodziwika. Masetilaiti a GPS ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba, ndipo kachipangizoka kamafuna kumva osachepera anayi kuti kadziwe pomwe kali. Thanthwe likatseka theka la thambo, kamatsala ndi ochepa, ndiponso ali mbali imodzi. Mitambo ndi mvula ya mabingu ya kuno sizikasokoneza. Kamaopa khoma ndi denga.

N'chifukwa chake m'tauni kamavutika. Mu Commissioner Street, pafupi ndi Carlton Centre, nyumba ya nsanjika 50 ija yotalika mamita 223, mzere wanga unadumpha msewu, n'kulowa m'nyumba za anthu, n'kukatulukira mdadada wina, chonsecho ine ndinkangoyenda molunjika m'mbali mwa msewu. Uthenga wa setilaiti umayamba wagunda magalasi a nyumba zitalizitali usanafike kwa inu, ndiye kamawerengera molakwika. Zithunzi za m'tauni ndimazikonza pamanja, kuzikokera pa mapu pomwe ndikudziwa kuti ndinaima. Mu sitima ya Gautrain musayembekezere kanthu: kuchoka pa Park Station kudutsa Rosebank ndi Sandton sitima imayenda pansi pa nthaka, ndipo pa mapu pamangooneka mzere woongoka mpaka itatulukira chakufupi ndi Marlboro. M'holo namo kamalemba zokhotakhota ngakhale mwangokhala pampando, moti makilomita a tsikulo amaoneka ochuluka kuposa omwe munayenda. Koma dzina la malo limakhala lolondola, ndipo pa ntchito yanga ndizo ndimafuna.

Komabe m'tauni momwemo muli phindu lina limene aliyense wokhala kuno alimvetsa. Sindifunikira kutulutsa foni pa renki ya mateksi kapena pa maroboti kuti ndisunge malo. M'tauni kachipangizoka kamakhala m'kathumba kapamwamba ka chikwama, nkhope yake italoza kumwamba, ndipo kamamva bwinobwino kudutsa nsalu. Foni imakhala m'thumba, batire lake osatha.

Pa bizinesi kandithandiza kuposa momwe ndinkaganizira. Ukwati wa ife Amalawi suchitikira malo amodzi. Timayambira kunyumba kumene mkwatibwi akuvalira, mwina ku Rosettenville kapena ku Turffontein, kenako kutchalitchi, kenako kokajambulitsa ku Zoo Lake kapena ku Emmarentia, n'kumalizira ku holo ku perekaniperekani. Pakapita chaka ankhoswe amaimba foni kuti akufuna zithunzi za kupaki zokha. Ndimatsegula mapu, n'kudina pa pakipo, zonse zili poyera. Chimene ndimakondwera nacho koposa ndi majakaranda. Amachita maluwa makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo misewu ya ku Kensington ndi ku Saxonwold imafanana kwambiri mitengoyo ikayoyoka. Pali kamsewu kena kotsetsereka kumene nthambi za mbali ziwiri zimakumana pamwamba, dzuwa la madzulo n'kumagwera kumbuyo kwa akwati. Ndikanakhala wodalira mutu wokha sindikanakapezanso. Batani lija ndi la zoterezi: mukalidina limaika chizindikiro pomwe mwaima.

Ulendo wakumudzi ndiwo unali mayeso aakulu. Ndinakakoleka pa zenera la basi, ndipo kanalemba njira yonse: msewu wa N1 kudutsa Polokwane ndi Musina, kuwoloka Limpopo pa Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza mpaka Blantyre. Mwayi wake ndi woti South Africa, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi onse amayendera nthawi imodzi, ndipo sasintha mawotchi pakati pa chaka, ndiye kamera sindinaikhudze. Zithunzi za milambe ndi za mapiri zimene ndinajambula pa zenera, zomwe kale zikanangotchedwa za kwinakwake ku Mozambique, tsopano chilichonse chili pamalo pake. Bambo anga aang'ono, amene sanafikeko kuno, anakhala nane pa laputopu nthawi yaitali akutsata mzerewo ndi chala, akufunsa za mtsinje uliwonse. Pa ulendo wautali chonchi sinthani kuti kazilemba pa masekondi 5 alionse kapena kupitirira apo. Pa sekondi iliyonse kamalemba timadontho 3,600 pa ola, pa masekondi 5 timadontho 720 tokha, ndipo malo osungira amakwanira ulendo wopita ndi wobwerera. Onaninso ngati kaikidwa kuti kakadzaza kaime, chifukwa kupanda kutero kamayamba kufufuta zakale mwakachetechete.

Batire limandifikitsa kuyambira m'mawa mpaka phwando litatha usiku. Langa ndi lochotseka, lofanana ndi BL-5C la mafoni akale a Nokia, ndiye lapadera ndinalipeza mosavuta m'mashopu a mafoni. Magetsi akazima usiku ndimangosintha batire m'mawa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha pulogalamu imene inabwera m'bokosi. Inali pa CD, pamene malaputopu a masiku ano alibe polowetsa CD. Nditaipeza pa intaneti inakana kuona kachipangizoka mpaka nditasakasaka driver ina, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira chipangizo, ndipo mapu ake sankatseguka n'komwe. Kabuku ka malangizo n'kachingerezi chovuta kumva, timalemba tating'onoting'ono, ndipo za maola awiri aja sikanenapo. Chingwe chakenso ndi mini USB yakale ija, osati ya mafoni a lero, choncho chisamaleni. Ndinaisiya pulogalamuyo. Tsopano njira ndimakopera ndi GPSBabel, malo ndimalowetsa ndi GeoSetter, zonse zaulere. Amene muli ndi pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom Classic, gawo lake la mapu limalandira GPX. Odziwa kompyuta kwambiri amakonda ExifTool, imene imamaliza foda yonse ndi lamulo limodzi lolemba. Chinanso chofuna kuleza mtima ndi poyatsa. Kakakhala masiku kasanayake, kapena mwakayatsira kutali ndi komwe munakazimitsira, kamatenga mphindi imodzi kapena zingapo. Imani panja, dikirani kagetsi kayambe kuthwanima, kenako nyamukani. Mukakayatsira m'teksi yoyenda kamachedwa kwambiri.

Abale anga, mbali iyi ndikupempha muimvetsetse. Chithunzi chokhala ndi malo chimaloza pakhomo pa munthu. Mukajambula mphatso za pa chinkhoswe m'nyumba ya kasitomala, kapena ana akusewera pabwalo, n'kutumiza fayiloyo momwe ilili, mwapereka adiresi kwa aliyense amene ailandire. WhatsApp imachotsa malowo mukatumiza ngati chithunzi wamba, koma mukatumiza ngati document, monga timachitira ife ojambula kuti chisafooke, zonse zimapita. Ine zopita kwa makasitomala ndimazichotsa malo potulutsa, zokhala ndi malo zimatsala pa kompyuta yanga. Fayilo ya GPX nayonso musamangogawa, poti imayambira ndi kuthera pa geti pomwe mumagona.

Zipangizozi zayamba kusowa m'mashopu chifukwa cha mafoni, ndiye ambiri mudzapeza zogwiritsidwa kale ntchito. Chenjerani ndi zakale kwambiri. GPS imawerenga masabata mpaka 1,024 n'kuyambiranso pa ziro, ndipo izi zinachitika komaliza pa 6 Epulo 2019. Zipangizo zina zakale zinasokonezeka, n'kumalemba tsiku la zaka pafupifupi 20 zapitazo. Malo kamalemba olondola, koma tsiku likalakwika pulogalamu singapeze chithunzi n'chimodzi chomwe chogwirizana ndi njirayo, mpaka mutakonza fayilo iliyonse. Musanapereke marandi anu, tulukani nako panja ndi wogulitsayo, kayatseni, zungulirani mdadada umodzi, kenako kalumikizeni ku laputopu muone ngati tsiku lolembedwamo ndi la lero.