Conte kapena Ancelotti: timu yanu muipatse ndani?

Onse awiri ankasewera mpira wamiyendo pakati pa bwalo, Carlo Ancelotti ku Roma ndi AC Milan, Antonio Conte ku Lecce ndi Juventus. Koma atakhala aphunzitsi, njira zawo zinasiyana kwambiri.

Conte ndi wodzutsa timu yogwa. Juventus inali itathera pa nambala 7, iye atafika inatenga ligi ya 2012 osagonjako masewero ngakhale amodzi. Chelsea ndi Napoli anazipeza zitathera pa nambala 10, n'kuzipatsa ligi mu 2017 ndi 2025. Amakhetsa anyamata thukuta, amakalipa, ndipo sachedwa kuyambana ndi akuluakulu a timu pankhani yogula osewera. Ku Chelsea ndi Inter anangokhala zaka ziwiriziwiri.

Ancelotti ndi wofatsa. Akatswiri odzimva amamumvera chifukwa amawapatsa ulemu komanso ufulu m'bwalo. Champions League, mpikisano wa matimu akuluakulu a ku Ulaya, waitenga kasanu ngati mphunzitsi, kawiri ndi Milan, katatu ndi Real Madrid, pomwe Conte sanaitengepo ngati mphunzitsi.

Ngati timu ili kale ndi akatswiri, Ancelotti alibe mnzake. Koma matimu ambiri ndi ovutika, ofunika wowaumba kuyambira pansi, ndiye ine mtima wanga uli kwa Conte, ngakhale akhale zaka ziwiri zokha.