Wopereka mafuta a m'mafupa: malume kapena achimwene?

Kuno ku Salima, mwana akamavutika ndi matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell, tiyerekeze kuti ofuna kumupatsa mafuta a m'mafupa ndi awiri: malume a zaka 55 ndi achimwene a zaka 22. Ine ndingaloze achimwene. Maselo opanga magazi, amene amapezeka m'mafuta a m'mafupa, amakalamba limodzi ndi mwini wake. A wachinyamata amachulukana bwino, ndipo odwala ambiri amapulumuka nawo. N'chifukwa chake bungwe la Anthony Nolan ku Britain limalemba m'kaundula wa ofuna kupereka maselowa anthu azaka 16 mpaka 30 okha.

Nanga mwamuna kapena mkazi? Wopereka akakhala mayi amene anaberekapo, maselo ake a chitetezo cha m'thupi amatha kuukira thupi la wodwala, makamaka wodwalayo akakhala wamwamuna. Komabe mlongo wofanana ndi wodwala HLA (zizindikiro za pa maselo zimene thupi limazindikirira maselo ake) amaposa achimwene osafanana, ndipo mwa abale a bere limodzi, mwayi wofanana ndi umodzi mwa inayi.