PS5 Pro: makina abwino, koma osati pa TV ya mainchesi 32

PS3 (PlayStation 3, makina osewerera magemu a kampani ya Sony) inatuluka mu 2006, PS4 mu 2013, PS5 mu 2020. Zaka 7 zimenezi n'zokwanira bwino: munthu amagula makina, n'kusewera mpaka ndalama yake itabwerera. Chovuta ndi Pro, mtundu wamphamvu kuposa wamba, yomwe Sony imaponya pakatikati. PS4 Pro inabwera mu 2016, ndipo PS5 Pro inafika mu Novembala 2024 pa mtengo wa madola 700, yopanda polowetsera chimbale. Polowetserapo amagulitsa padera, panthawiyo madola 80. Kuno ku Blantyre, kumene zimbale zimayenda m'manja mwa anthu mobwerekana ndiponso bandulo yotsitsira gemu yaikulu imapweteka thumba, chimenechi chokha chikubweza ambiri.

Tisawanamizire makinawa, ndi amphamvu. Ali ndi SSD (mosungira magemu mwachangu kuposa hadi diraivi) ya 2TB, ndipo Sony imati amajambula zithunzi mwachangu kuposa PS5 wamba, mpaka 45 peresenti. Koma CPU, ubongo wa makinawa, ndi Zen 2 yomwe ija ya mu PS5 wamba, ndipo gemu yosewereka pa Pro pokha palibe. Kusiyana kumaoneka pa TV ya 4K, makamaka yokhala ndi HDMI 2.1. Pa TV ya mainchesi 32, ngati zomwe zadzaza m'malo osewerera magemu ku Ndirande ndi ku Bangwe, mpira womwe anyamata amautchabe FIFA uzioneka chimodzimodzi.

Za magetsi nazo muzione. Pro inalembedwa 390W pomwe PS4 Slim ndi 165W, ndiye amene mumadalira batire ndi invata mudzamva kusiyanako msanga. Choyamba kugula chikhale UPS, kabokosi ka batire koteteza makina magetsi akathima. Magetsi akathima gemu ili mkati mosunga, mafayilo amawonongeka, ndipo akabwera mwamphamvu amatha kupsereza power supply.

Amene muli ndi PS4 yolira ngati ndege, musafulumire kuitaya. Kawirikawiri ndi fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala lomwe latseka fani ndi timipata totulutsira kutentha. Itseguleni, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire popemerera, pukutani thermal paste (phala lochotsa kutentha pa purosesa) youma ija n'kuikapo yatsopano, kadontho konga njere ya nandolo. Kenaka chotsani hadi diraivi muikemo SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, yosapitirira 9.5mm kunenepa. Musanachotse, koperani masevu anu pa fulashi. Pa fulashi ya FAT32 kapena exFAT pangani foda PS4, mkati mwake UPDATE, muikemo PS4UPDATE.PUP, fayilo ya pulogalamu yoyendetsa PS4 yotsitsa pa webusaiti ya PlayStation. Tengani fayilo yaikulu yoikira pulogalamu yonse, chifukwa yaing'ono yongowonjezera ija imakanidwa, ndipo ambiri amakakamira pomwepa. Bayani fulashiyo pa PS4, yatsani mu Safe Mode (menyu yokonzera makina), sankhani nambala 7. Magemu azitseguka msanga, ndipo EA Sports FC 26 inatulukanso pa PS4.

Chifukwa chomveka chosiyira PS4 ndi magemu omwe saifikanso, monga GTA VI yomwe analengeza ya PS5 ndi Xbox Series basi. Pamenepo gulani PS5 wamba yokhala ndi polowetsera chimbale. Malo akachepa, ili ndi pobayira SSD ya M.2 Gen4. Eni malo osewerera, werengeraninso mapadi mu bajeti yanu, chifukwa DualShock 4, padi ya PS4, sigwira pa magemu a PS5, ndiye padi iliyonse mugula DualSense yatsopano.