Mnyamata wawo anathira mafuta pa Teflon, madala wake ndiye anapulumutsa piyano

Ndikanalemba ndemanga iyi ya okonza piyano tsiku loyamba lija, nyenyezi yowapatsa ikanakhala imodzi. Piyano ya kwaya yathu ku Chilenje ndi grand (piyano yaikulu yogona) ya ku New York ya m'ma 1970. Ndi imodzi mwa zija zimene, kuyambira 1962 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1980, ankaziika ma bushing (timachubu tozungulira pini) a Teflon, pulasitiki yoterera, m'ma flange (timatabwa togwira tinyundo ndi pini) m'malo mwa nsalu ya felt. Mu Okutobala makiyi 23 analemera, tinyundo tomenya mawaya tikubwerera mochedwa. Tinaimbira foni okonzawo, tinauzidwa mtengo, ndalama ya galimoto payokha.

Anatitumizira mnyamata. Anatulutsa action (makina a m'kati mwa piyano okhala ndi tinyundo), osayang'ana n'komwe mtundu wa bushing, n'kuyamba kupopera mafuta a m'chitini pa mapini onse ngati akukonza tcheni cha njinga. Zinandiwawa kwambiri. Felt ndi Teflon sizidwala mofanana. Felt imatupa m'dzinja, ndiye makiyi amalimba mvula ikamagwa. Teflon siimwa chinyezi, chimene chimasintha ndi thabwa loizungulira. M'chilimwe thabwalo likauma limafinya bushing, pini n'kugwidwa. M'dzinja likatupa, bowo limakula, bushing imagwedera ndipo mumamva kuti ke ke ke poimba. Tsono mafuta angathetse bwanji kufinya kwa thabwa? Anangolowerera m'thabwamo n'kumakoka fumbi la mu Lusaka muno.

Ataona kuti sizikutheka, anazula mapini asanu ndi limodzi n'kukuza mabowo ndi reamer (chitsulo chokuzira bowo) yosongoka, ija ya pa felt. Mapini atsopano anawadula ndi pulayala, nsonga zake zokanda, n'kuwakankhira m'katimo. Felt imakhululuka, imabwerera m'malo mwake. Teflon ikakandika yakandika. Tinyundo tonse tisanu ndi kamodzi tinayamba kupendama uku ndi uku, tina tikumenya mawaya awiri m'malo mwa atatu. Mayi woyankha foni atamva dandaulo anati piyano zakale ndi mmene zimakhalira. Mpaka lero mawu amenewo sindinawaiwale.

Patapita masiku anayi kunabwera madala mwini ntchitoyo. Anangonunkhiza action, n'kupukusa mutu, n'kupepesa pamaso pa tonse. Anaitengera kumalo kwawo. Apa ndiye ndinaona munthu wodziwa ntchito. Flange iliyonse ankaichotsa payokha, pini n'kuitulutsa ndi chokankhira chake, osati kukhoma. Choyamba ankaona ngati bushing yagwira m'thabwa. Zokandika ndi zogwedera anazitaya n'kuika zatsopano, ndipo ma flange amene anamwa mafuta kwambiri anawasintha athunthu. Bowo ankalikuza ndi reamer yowongoka, pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri mofanana. Pini aliyense ankamuyeza kunenepa ndi chipangizo chotchedwa micrometer, ndipo ankaika okhawo a nsonga zozungulira bwino, osadula ndi pulayala. Akamaliza ankagwira flange, n'kusiya kanyundo kalendewere, akuwerenga. Kakagwedezeka kanayi mpaka kasanu ndi kawiri, ankakhutira. Kakaima msanga kapena kupitirira apo, ankayambiranso. Anayeza tinyundo tonse 88, osati 23 tokha tija.

Chimene chinandifewetsa mtima n'chakuti anakana kumasula kwambiri. Anati mukamasula Teflon mu Okutobala mpaka izilendewera momasuka, pofika Januwale piyano yonse izilira ngati makina osokera. Mvula itakhazikika anabweradi osaitanidwa, anapeza ma bushing atatu akugwedera, n'kuwasintha popanda kulipiritsa.

Komabe ndalama ya galimoto tinalipira kawiri, ngakhale ulendo wachiwiriwo unali wokonza zimene iwo eni anaononga, ndipo action inakhala kwawo milungu itatu kwaya ikuimbira kiyibodi. Ndikupereka nyenyezi zinayi, zonse n'za madala. Inu amene muli ndi piyano ya ma bushing oyera apulasitiki, poimba foni nenani msanga kuti ndi Teflon ndipo muumirire kuti abwere madalawo. Munthu akatulutsa chitini cha mafuta, mugwireni dzanja asanapopere.