Sowo yamagetsi ya Makita HS7600, nditaigwiritsa ntchito chaka chathunthu

Anzanga ambiri akhala akundifunsa za sowo ndimadulira matabwa pa shedi panga ija, ndiye ndati bola ndingolemba kamodzi. Ndi Makita HS7600, bledi ya 185mm, mota ya 1200W, anandibweretsera achimwene kuchokera ku Joni. Mukaitanitsa kumeneko dziwiranitu kuti ibwera ndi pulagi ya mano ozungulira pomwe masoketi athu kuno ndi a folokona, ine ndinangodula nkuikapo yathu, zamaadaputa zija zimangotentha.

Kumbali ya mphamvu sindinama, ilibwino. Paini wa ku Chikangawa imangodutsamo ngati mpeni pa papaya wakupsa, thabwa la 2 inchi imamaliza ulendo umodzi osatembenuza. Mlombwa ndi mbawa ndiye zimafuna ulemu, ukaikankha mwaphuma imasintha kaliridwe ndipo umamva fungo la thabwa lopserera, pamenepo bwezani dzanja muileke idye yokha.

Koma chomwe ndaphunzira chaka chimenechi nchakuti theka la ntchito ili pa bledi osati pa mota. Yomwe inabwera nayo itabuntha ndinathamangira yotchipa pa shopu ina mu Limbe, aaa ndalama yanga inapita ulele, sabata ziwiri zokha mano awiri atathothoka kale ndipo mzere umangokhota ngakhale ndagwira bwino. Pano ndimasunga ziwiri, ya mano 24 yong'ambira thabwa mutali ndi ya mano 40 yodulira chopingasa komanso plywood kuti m'mbali musanyenyeke. Pogula onetsetsani bowo lapakati, mabledi a saizi imodzi amatha kusiyana bowo, ukafika nayo pa shedi nkupeza sikulowa. Nthawi zinanso bledi timaiweruza kuti yatha chonsecho yangomatidwa ndi utomoni wa paini, ine ndimazula kaye pulagi, kuimasula, kuinyika mu palafini pang'ono nkuitsuka ndi mswachi wakale, imabwerera mwakale.

Tsiku lina inatsala pang'ono kundionetsa zakuda ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinagoneka thabwa lalitali pa mabenchi awiri, ina uku ina uko, nkumadula pakati. Nditatsala pang'ono kumaliza thabwa linawerama nkupana bledi, sowo inadumpha chobwerera nkudutsa pafupi ndi ntchafu, mwamwayi gadi, chotchinga bledi chija, inatseka msanga. Ndinakhala pansi kaye miyendo ili njenjenje. Kuyambira pamenepo chidutswa chogwa ndimachisiya chilendewere kunja kwa benchi kuti chigwe chokha, sindiimanso kumbuyo kwenikweni kwa sowo koma chapambali, ndipo bledi ndimaitsitsa kuti ingotulukira pang'ono kunsi kwa thabwa osati yonse ngati mmene ndinkachitira poyamba. Nde pali akalipentala ena amamanga gadi ija ndi waya ati imawachedwetsa, abale inu, ukasiya switchi bledi imazungulirabe masekondi angapo, ukaiika pansi ilibe gadi imayenda yokha ngati njinga ndipo chingwe kapena phazi chili pompo.

Kasamalidwe sikovuta. Madzulo aliwonse ndimaikutumula utuchi makamaka m'timabowo ta mpweya ta mota ndi mkati mwa gadi, chifukwa utuchi ukaunjikana gadi imachedwa kubwerera. Makaboni, timakala tiwiri ta mkati mwa mota, ndasintha kamodzi, ndinaona moto wambiri ukuthetheka mkati ndipo imadukiza polira, sinthani onse awiri limodzi. Matabwa akale ochotsa padenga muziwafufuza misomali kaye. Ekisitenshoni ikhale ya waya wonenepa ndipo muitambasule yonse, yokulungiza imatentha. Pa kajenereta kakang'ono musavutike, poyamba kuzungulira imakoka moto wambiri kajenereta kamangotsamwa. Magetsi akathima muli pakati podula zulani pulagi musanayambe kutulutsa bledi m'thabwa.

Phokoso ndi fumbi ndiye zilipo, magalasi ndi zotseka m'makutu ndinachita kugula padera, ndipo aneba anga anandiletsa kuiyatsa Lamulungu isanakwane 10 koloko. Ikadzafa ndidzagulanso yomweyi, kungoti mnyamata wanga wophunzira ntchito sindinayambebe kumusiyira yekha, pakadali pano akadali pa sowo yamanja.