WildFly 27 patatha miyezi 10: malaibulale ndi standalone.xml

Papita miyezi 10 chisamutsireni pulogalamu yathu yowerengera malipiro a antchito kuchoka pa WildFly 26 kupita pa 27. WildFly ndi seva yoyendetsera mapulogalamu a Java. Masabata awiri oyambirira tulo tinkasowa, koma lero ndikulemba mtima uli m'malo.

Vuto loyamba tinkalidziwiratu. WildFly 27, yomwe inatuluka mu Novembala 2022, imayendera Jakarta EE 10 (mndandanda wa miyezo ya Java ya pa seva), choncho mayina ngati javax.servlet ndi javax.persistence ayenera kuyamba ndi jakarta. Khodi yathu sinavute kusintha. Chomwe chinatikola ndi laibulale ina yakale yomwe inabisala mu WEB-INF/lib, foda ya malaibulale a pulogalamu yathu, n'kumafunabe javax.servlet.Filter. WAR, fayilo yomwe timalongedzamo pulogalamu yonse poipereka ku seva, inkakana kudzuka, server.log n'kumangolemba NoClassDefFoundError, kutanthauza kuti kalasi ya Java yofunika sikupezeka. Laibulaleyo tinaipeza ndi mvn dependency:tree, lamulo la Maven (chida chomangira pulogalamu) loonetsa malaibulale onse. Apa ndikuchenjezeni anzanga: javax.sql.DataSource musaikhudze, imeneyo ndi ya Java SE, yomwe ndi Java yeniyeni ya maziko, ndipo dzina lake silinasinthe.

Pomwe ndinaphunzira zenizeni ndi pa Hibernate, laibulale yolumikiza khodi ya Java ndi database. WildFly 27 imabwera ndi Hibernate 6.1 yakeyake, ndipo ikangoona fayilo ya makonzedwe a database ya persistence.xml imalumikiza Hibernate imeneyo yokha ku pulogalamu yanu. Ife tinali titanyamulanso Hibernate 5.6 mkati mwa WAR, mmene tinkachitira kuyambira kale. Kalasi imodzi inakhala ndi makope awiri, ndiye uthenga womwe unkabwera unali wozunguza mutu: ClassCastException yonena kuti kalasi singasanduke kalasi ya dzina lomwelomwelo. Kulakwa kunali kwathu. JBoss Modules, dongosolo lomwe WildFly imagawira malaibulale ake m'magawo (ma module), imapatsa gawo lililonse class loader yake, chomwe chimalowetsa makalasi m'memori, ndipo dzina lofanana lochokera kwa ma class loader awiri Java imaliwerenga ngati makalasi awiri osiyana. Titaika scope ya provided pa Hibernate mu pom.xml, fayilo ya Maven, kuti isalowenso mu WAR, vuto linatheratu. Ukafunitsitsa kugwiritsa ntchito laibulale yako m'malo mwa ya seva, njira yake ndi jboss-deployment-structure.xml, momwe umalemba ma module oti achotsedwe. Ineyo fayilo imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa zonse zimaonekera poyera.

Draiva ya database ya PostgreSQL tinaiyika ngati module kudzera pa jboss-cli.sh, chida cholembera malamulo opita ku seva (CLI), ndipo siinativutitsepo.

Za standalone.xml, fayilo ya makonzedwe a seva, zinandipweteka mtima. Tsiku lina tinasintha datasource (makonzedwe olumikizira database) pamanja mu fayiloyi seva ili mkati moyenda. Madzulo ake mnzathu anasintha kanthu kena pa admin console, tsamba lowongolera seva, ndiye seva n'kulembanso fayilo yonse kuchokera pa zomwe inali nazo m'memori. Zathu zija zinafufutika. Foda ya standalone_xml_history imasunga makope akale, ndipo inatithandiza kuona pomwe zinasokonekera. Kuyambira pamenepo chosintha chilichonse timachilemba mu sikiripiti ya CLI n'kusunga mu Git.

Chichokereni nthawi imeneyo seva sinagwepo yokha, ngakhale kumapeto kwa mwezi pomwe malipiro onse amawerengedwa nthawi imodzi. Chomwe chatsala ndi mafunso ena akale a HQL (chinenero cha Hibernate chofunsira database) mu gawo la malipoti: Hibernate 6 imawawerenga mosamalitsa kuposa 5, ndiye tikuwakonzabe limodzilimodzi tisanaganize zokwera pa WildFly yatsopano.